Mapiri a Zambia, Dziko Lokwera Losaoneka Kukwera

Ku Blantyre phiri silisowa. Ukangotuluka m'nyumba, la Ndirande lili apo, la Soche lili uko, la Michiru kumadzulo. Ku Zomba ndi ku Mulanje ndiye osanena. Koma ukaima pa msika wa Soweto ku Lusaka n'kumwaza maso mbali zonse, chokutchinga ndi Findeco House ndi zikwangwani za malonda basi. Ku Kanyama, ku Chawama, ku Misisi, ku George, nyumba zangoti thithithi pa dziko lathyathyathya, fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Mwana wobadwira m'makomboni amenewa akhoza kulemba mayeso a giredi 7 asanakwerepo chitunda chomutulutsa thukuta.

Komatu mwana yemweyo amagona pamalo okwera kuposa mnzake wa m'tauni ya Blantyre. Mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pamene pakati pa Blantyre ndi pakati pa Lilongwe m'pongopitirira pang'ono mamita 1,000. Zambia yambiri ili choncho, pakati pa mamita 1,000 ndi 1,400. Dzikoli lili ngati lichero lovundikira: pamwamba posalala, m'mbali mwake motsetsereka. N'chifukwa chake wochoka ku Lusaka kulowera kumwera kapena kum'mawa sakumana ndi mapiri pokwera ayi, amakumana nawo potsika. Ambiri mwa mapiri a Zambia ndi m'mphepete mwa dziko lokwerali, pamene nthaka inathyoka n'kutitimira kukhala zigwa za Zambezi, Luangwa ndi nyanja ya Tanganyika. Amatalika kwa woyang'ana ali m'chigwa. Wochokera pamwamba amangodzidzimuka msewu wayamba kupindikapindika, makutu atseka.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, kumene kumachititsa amayi a ku Matero kuyatsa mbaula kusanache, kumachokera pa kukwera komweku. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mu Okutobala, Lusaka akamadandaula dzuwa, a ku Chirundu ndi ku Luangwa amakhala akupsa ndi madigiri 40 kapena kuposa.

Zitunda za m'tauni

Tisanatuluke mu mzinda, tione kaye tizitunda take, chifukwa ngakhale n'tating'ono, ndi timene tinagawa anthu. Lusaka inayamba ngati poima sitima mu 1905, m'dera la Asoli, ndipo mudzi wa mfumu Lusaaka unali cha ku Manda Hill, pafupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo lero. Atsamunda ataganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Livingstone, anaitana katswiri wokonza mizinda, Stanley Adshead, ndipo likulu linasamuka mu 1935. Maofesi a boma, nyumba ya bwanamkubwa ndi nyumba za azungu anazimanga pa kamtunda ka kum'mawa kwa njanji, komwe mpaka pano kumatchedwa Ridgeway. Kamtundako sikakwera kwambiri, woyenda pagalimoto sazindikira n'komwe kuti wakwera, koma mvula ikagwa madzi amachokapo. Maina a madera a anthu opeza bwino amanena okha: Ibex Hill, Leopards Hill, Cathedral Hill.

Antchito anatsala kunsi, kumadzulo ndi kumwera kwa njanji, m'mafamu a azungu ndi pafupi ndi maenje okumbamo miyala. Maina monga George, John Laing ndi John Howard ndi a eni malo a nthawi imeneyo. Pansi pa Kanyama, Misisi ndi Chawama pali thanthwe la mwala wa njereza, lokhala ndi ming'alu ndi mapanga ang'onoang'ono. Mitsinje yeniyeni kulibe. Mvula imalowa m'ming'alumo, ndipo ikagwa motsatizana mu Januwale ndi Febuluwale madzi apansi amakwera mpaka kutulukira pabwalo, kulowa m'nyumba, kudzaza zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya pamodzi. Apo ndiye njerwa zimandandalikidwa m'njira kuti anthu azipondapo, majombo amakwera mtengo, anyamata a mawilibala amayamba kuolotsa anthu ndi katundu. Kolera imatsatira. Ya mu 2017 ndi 2018 inagwira kwambiri Kanyama. Ya mu 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala.

Ku Blantyre wosauka amakankhidwira kumtunda, m'mbali mwa phiri, ndipo tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitagumuka kuchokera m'phiri la Soche. Ku Lusaka wosauka anakankhidwira kunsi. Ine ndimaona kuti wofuna kumvetsa mizinda iwiriyi ayambe wayang'ana mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, asanatsegule buku la ndale.

Thanthwe lomwelo limadyetsanso anthu. Fakitale ya simenti ya ku Chilanga inayamba mu 1949 chifukwa cha mwala umenewu, ndipo simenti yake inamanga nawo damu la Kariba. M'makomboni, kuphwanya miyala ndi ntchito ya amayi ambiri. Amuna amayatsa matayala akutha pamwamba pa thanthwe kuti ling'ambike, n'kuligumula ndi chihamala. Mayi amakhala pansi, miyendo tambalale, chitenje kumutu, mwala waukulu pakati ngati pophwanyira, kahamala m'dzanja, mwana akusewera pambali. Pofika madzulo milu yoyera yandanda m'mbali mwa msewu, yaikuluikulu payokha, yaing'onoing'ono payokha, kudikira omanga nyumba odzagula pa wilibala kapena pa lole. Zala zimakhala za zipsera, nsidze zoyera ndi fumbi. Maenje otsala amadzaza madzi, monga dziwe la Ngwenya ku Misisi.

Ngakhale mzindawu uoneke wosalala, uli pamsana pogawa madzi. Mvula yogwa cha ku Matero imalowa mu Chunga, kenako Mwembeshi, kenako Kafue. Yogwa cha kum'mawa, mbali ya Kalingalinga ndi Mtendere, imatsata timitsinje topita ku Chongwe, monga Ngwerere ndi Chalimbana. Onsewo amakathera mu Zambezi, koma adzera njira zotalikirana.

Kutsikira kumwera

Mudzi wokhala pamsana suona mtsinje waukulu pakhomo. Gawo lalikulu la madzi a m'mipope ya Lusaka limachokera ku Iolanda, pa mtsinje wa Kafue, makilomita pafupifupi 50 kumwera, ndipo amachita kuwapopa kukwera mamita pafupifupi 300 kuti afike m'mathanki a mu mzinda. Magetsi akazima ku mapampu, pampopi wa ku George pamakhala mzere wa zigubu.

Ukaoloka Kafue pa msewu wa ku Livingstone umalowa m'mapiri a Munali, pamene David Livingstone anaonera mtsinje wa Kafue koyamba mu Disembala 1855. Pafupi pomwepo pali mgodi wa nikelo. Ukapatukira ku Chirundu ndiye kutsika kwenikweni, kuchoka pa mamita pafupifupi 1,000 kufika pa 400, kudzera pa Kapiri Ngozi, pamene madalaivala a malole olemera amadziwa kuti mabuleki akatentha palibe chowapulumutsa.

Kutsetsereka komweko ndiko kumayatsa mababu. Mtsinje wa Kafue ukatha kuyenda mwaulesi m'madambo, umagwera m'chigwembe cha miyala polowera ku Zambezi. Pa Kafue Gorge ya kumtunda madzi amatsika mamita pafupifupi 400 asanazunguze makina opanga magetsi okwana mamegawati 990. Ya kumunsi, imene inamalizidwa mu 2023, imapanga 750. Damu la Kariba, lomalizidwa mu 1959, linatsekanso Zambezi pa mpata wa pakati pa mapiri. Chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba, magetsi ankazima maola oposa 20 pa tsiku. Owotcherera zitseko ndi mageti ku Kalingalinga ankagona m'mashedi kudikira malaiti abwere pakati pa usiku, ometa tsitsi anagula mabatire, thumba la makala linakwera mtengo. Makalawo, amene ku Lusaka amati malasha, amachokera m'zitunda za ku Chongwe, Rufunsa ndi Mumbwa, ndipo woyenda m'misewu imeneyo amaona yekha mmene mitengo ya miombo ikutheramo.

Njira ya kum'mawa

Anthu ambiri a m'makomboni a Lusaka kwawo n'kum'mawa: ku Petauke, ku Katete, ku Chadiza, ku Chipata, ku Lundazi. Kwa iwo mapiri a Zambia ndi amene amaoneka pa zenera la basi popita kumaliro kapena ku mwambo wa Kulamba. Kuchoka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Basi isananyamuke mlaliki amakwera n'kupempherera ulendo, ndipo amene anayendapo njirayi amavomera "Amen" ndi mtima wonse, podziwa zimene zili kutsogolo.

Kupitirira Chongwe dziko limayamba makwinya. Pa Chinyunyu, m'mbali mwenimweni mwa msewu, pamatumphuka madzi otentha ofuka nthunzi. Ndi madzi a mvula amene analowa pansi kwambiri m'ming'alu ya thanthwe, n'kutenthedwa, n'kubwereranso kumtunda, umboni wakuti nthaka ya kuno inang'ambikadi. Kupitirira Rufunsa mumalowa m'mapiri a Manenekela. Msewu umazungulira phiri, dzanja ili khoma la mwala, dzanja ilo phompho, n'kuzunguliranso lina. Nkhani zimatha m'basi. Fungo la mabuleki limalowa pazenera, ndipo sipalephera kumveka mayi wina kumbuyo akuti, "Adalaiva, pang'onopang'ono bambo, tasiya ana kunyumba!" M'munsi mwa maphedi mumaoneka zigoba za malole amene sanafike.

Pansi pake pali mlatho wa Luangwa, womangidwa mu 1968, malire a chigawo cha Lusaka ndi cha Kum'mawa. Munthu amene anakwera basi atavala juzi amatsika pano akupukuta thukuta. Pamsika pali nsomba zouma, madengu, mphasa, masau ndi malambe, zipatso za kuchigwa zimene pamtunda wa Lusaka sizichita bwino. Ukapatuka apa kutsata mtsinje makilomita pafupifupi 90, umafika pa boma la Luangwa, lomwe kale linkatchedwa Feira, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Apa, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, m'pamalo otsika kwambiri m'Zambia yonse, mamita 329. Cha komweku m'pamene Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa.

Kutsidya msewu umakweranso kudzera ku Kacholola ndi Nyimba, ndipo mapiri amasintha maonekedwe. Kuno ndi matanthwe oima paokhapaokha pakati pa minda ya chimanga, mtedza ndi thonje. Mapiri a Mphangwe amayang'anira Katete, kufupi ndi Mkaika kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba chakumapeto kwa Ogasiti. Chipata yakhala m'chigwa chozingidwa ndi zitunda, ndipo wokwera phiri la Kanjala amaiona tauni yonse pansi pake. M'mapanga a dera lino, monga ku Thandwe ndi ku Mkoma, muli zojambula pamwala. Zofiira n'zakale kwambiri, za Akafula amene Achewa anawapeza. Zoyera n'za makolo a Achewa, zokhudza Nyau ndi chinamwali, zofanana ndi za ku Chongoni ku Dedza zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kwa Mchewa phiri silinali malo okacheza. Kunali kothawira nkhondo, kobisira zinsinsi za mwambo, kopempha mvula. Ngakhale chiyambi cha anthu amachiika paphiri, pa Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, pamene akuluakulu amati mapazi a anthu oyamba ndi a nyama anadinda pathanthwe lisanaume.

Malire a Zambia ndi Malawi nawonso anatsata msana wa mapiri. Madzi otsikira ku Luangwa ndi a Zambia, otsikira ku nyanja ya Malawi ndi a Malawi. Mzerewo unadula pakati mafumu, mabanja ndi minda, ndipo anthu a ku Mchinji ndi ku Mwami amaudumpha tsiku ndi tsiku.

Kumpoto, kumene kuli nsonga zenizeni

Njira ya kumpoto imayamba ndi phiri limene kulibenso. Pamene pali Kabwe lero panali kaphiri ka miyala ya mtovu ndi zinki, kamene azungu anakapeza mu 1902 n'kukatcha Broken Hill. Anakakumba mpaka kanatha, m'malo mwake munatsala dzenje. M'phanga la kaphiriko ndi mmene mu 1921 munapezeka chigaza chotchuka cha munthu wamakedzana, chimene mpaka lero chili ku London. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma unasiya mulu wa zinyalala za mtovu umene fumbi lake likudwalitsabe ana. Ku Kitwe kuli linanso lomangidwa ndi anthu, Black Mountain, mulu wa zotsalira za kopa. Mu Juni 2018 mbali yake inagumuka n'kupha anthu osachepera 10 amene ankatola miyala.

Pa Kapiri Mposhi, pamene imayambira njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 yopita ku Dar es Salaam, msewu umakhotera kumpoto chakum'mawa. Cha ku Mkushi kuli phiri la Mumpu, mamita 1,892, lokhala ndi phanga lalikulu. Kuyambira ku Serenje mpaka kupitirira Mpika msewu ndi njanji zimayenda pamwamba pa mapiri a Muchinga, msana waukulu wa Zambia. Apanso woyenda pamsewu saona kanthu koma nkhalango, chonsecho makilomita ochepa kudzanja lamanja dziko limatha mwadzidzidzi n'kugwera m'chigwa cha Luangwa, m'malo ena mamita oyandikira 1,000. Pa mathithi a Kundalila mtsinje wa Kaombe umadumpha phedi limeneli. Muchinga amagawa madzi a nyanja ziwiri zamchere. Mvula yogwa kum'mawa kwake imapita ku Luangwa, ku Zambezi, mpaka ku Indian Ocean. Yogwa kumadzulo, kupitirira Serenje, imalowa mu Chambeshi ndi m'madambo a Bangweulu, n'kutsata Luapula ndi Congo mpaka ku Atlantic. Khoma lomweli ndi limene lasunga nyama za m'mapaki a South Luangwa ndi North Luangwa, pakuti misewu yotsikira m'chigwa kuchokera kumadzulo ndi yowerengeka ndipo m'dzinja siyendeka. Chigawo cha Muchinga, chimene Michael Sata anakhazikitsa mu 2011 likulu lake ku Chinsali, chinatenga dzina ku mapiri amenewa.

Kumpoto kwenikweni, cha ku Mbala, kuli phiri la Sunzu, mamita 2,067. Kuchoka ku Mbala kutsikira ku doko la Mpulungu ndi makilomita pafupifupi 40 okha, koma umatsika mamita oyandikira 900 kuti ufike pa nyanja ya Tanganyika. Mtsinje wa Kalambo, pamalire ndi Tanzania, sutsika pang'onopang'ono ngati msewu, umangodziponya kamodzi mamita oposa 200. Pamwamba pa mathithiwo akatswiri ofukula zakale anapeza mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane, ndipo mu 2023 analengeza kuti yakhala zaka pafupifupi 476,000.

Nsonga zazitali kuposa zonse zili pamalire ndi Malawi. Zambia ili ndi kachigawo kochepa ka Nyika, paki ya masikweya kilomita pafupifupi 80, m'mene muli nkhalango ya Chowo. Pafupi pake pali nsonga ya Mwanda, mamita 2,148. Kuti Mzambia akafike ku paki yakeyi pagalimoto, njira yodalirika n'kulowa kaye m'Malawi, kudzera ku Rumphi ndi pa chipata cha Thazima. Mabuku ena akale ankati Mwanda ndiye nsonga yaitali m'Zambia, koma ulemu umenewo ndi wa mapiri a Mafinga, kumpoto kwa Nyika, pakati pa boma la Mafinga ku Zambia ndi la Chitipa ku Malawi. Nsonga ya Mafinga Central ili pa mamita 2,339, ndipo ina ya kumwera kwake imangochepa ndi mamita awiri.

Poyerekeza ndi anansi, Mafinga sangadzitame. Sapitwa pa Mulanje ali pa mamita 3,002, Kilimanjaro pa 5,895, ndipo ngakhale Nganda, pa Nyika ya ku Malawi, amapitirira 2,600. Kufunika kwa Mafinga kuli pa madzi. M'makwalala ake a miyala yolimba ndi mmene mumayambira mtsinje wa Luangwa, ngati kamtsinje kodumphika ndi mwendo umodzi, kasanayende makilomita oposa 700 kudutsa malo a njovu ndi mvuu, pansi pa mlatho uja wa nsomba zouma, mpaka ku Feira. Alambya, Atumbuka ndi anansi awo amalima mawere ndi nyemba m'munsi mwa mapiriwa, ndipo minda yotema ndi kuotcha ikukwera chaka ndi chaka kulowera kumene kuli akasupe. Nkhalango za m'mphepete mwa timitsinje zikatha, madzi amathamanga onse m'dzinja, chilimwe mtsinje n'kusanduka mchenga msanga.

Kukafikako kuchokera ku Lusaka si ulendo wa Loweruka limodzi. Ndi makilomita pafupifupi 900 kukafika ku Isoka, kenako msewu wolowera ku Thendere ndi Muyombe, kenako wapansi. Kulibe zikwangwani, kulibe nyumba zogona okwera phiri ngati za pa Mulanje. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, mvula italeka, utsi wa lupsa usanaphimbe dziko, koma usiku kumazizira kuposa Julayi wa ku Lusaka. Mlendo amayamba waonekera kwa amfumu, kunena chimene wadzera, ndipo iwo ndi amene amamupatsa mnyamata wodziwa njira ndi pamene pali madzi akumwa.